Ngalawa m'manda: zimene nthaka inasunga ku Norway ndi kuno ku Zambezi

Munthu akatisiya kuno kwathu, adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu. Amakumba dzenje, ndipo mtembo umagona m'bokosi kapena pa mphasa. Mabanja ena amaikamo nsalu. Ena amasiya mbale kapena kapu ya malemuyo pamwamba pa mtumbira, ataibowola pansi kuti wina asaitole. Zimenezi timazidziwa tonse, kaya ndife a ku Zóbuè, a ku Kambulatsitsi kapena a pa vila ya Moatize.

Tsono kunali anthu ena amene, munthu wamkulu akamwalira, ankamuika m'manda pamodzi ndi ngalawa yathunthu. Sindikunena kabwato ka asodzi ayi. Ndikunena ngalawa yotalika ngati kamiyau wa ngolo, uja amaima pamzere pa malire a Zóbuè. Ankaikokera kumtunda, n'kugonekamo mtembo, kenako n'kukwirira zonse ndi miyala ndi dothi mpaka pamalopo patakhala kaphiri. Anthuwo dzina lawo ndi a Viking.

Nkhaniyi iyambira kutali, koma musatope, ifika pakhomo. M'mbali mwa Zambezi wathu yemweyu munapezekanso manda amene anadabwitsa anthu ophunzira. Ndipo manda onsewo, a kutali ndi a kuno, anatulukiridwa ndi anthu wamba ogwira khasu ndi fosholo ngati ife.

Anthu a ngalawa

A Viking ankakhala kumpoto kwa Ulaya, m'mayiko amene lero ndi Norway, Sweden ndi Denmark. Nthawi yawo inali kuyambira ca m'ma 800 mpaka ca m'ma 1050. Ku Norway kuli mapiri ambiri, ndipo nyanja imalowerera kumtunda pakati pa mapiriwo. Kuyenda pansi kunali kovuta, conco msewu wawo unali madzi.

Ngalawa ankapitira nayo kukagulitsa malonda. Ankapitiranso nayo kukaba, kukatentha midzi ya eni ndi kukagwira akapolo. Tisawakometse, anali anthu oopedwa. Koma pa nchito ya matabwa analidi amisiri. Mtengo sankauceka ndi sowo. Ankaung'amba ndi nkhwangwa ndi mphanyo motsata mitsempha yake, ndiye thabwa linkatuluka lopyapyala koma lolimba. Matabwawo ankawasanja lina pamwamba pa m'mphepete mwa linzake, monga timasanjira malata padenga, n'kuwakhoma ndi misomali yacitsulo. M'mipata ankatsekamo ubweya ndi phula. Ngalawa yotere inali yopepuka. Inkatha kuyenda panyanja yaikulu ndi thanga, n'kulowanso mumtsinje wosaya ndi nkhafi. Ca m'ma 1000 a Viking anali atafika kale ku America, zaka pafupifupi 500 Columbus asanapondeko.

Mtumbira wa ku Oseberg

M'caka ca 1903, mlimi wina wa pa famu ya Oseberg, pafupi ndi tauni ya Tønsberg ku Norway, anayamba kukumba citunda cimene cinali m'munda mwake. Anakumana ndi thabwa losema bwino. Apa mlimiyo anacita cinthu canzeru: analeka kukumba, n'kupita mumzinda waukulu kukauza mphunzitsi wa pa yunivesite, dzina lake Gabriel Gustafson. Caka cotsatira, 1904, Gustafson ndi anthu ake anafukula citundaco pang'onopang'ono.

Anapeza ngalawa ya mamita 21 ndi theka m'litali, mamita 5 m'lifupi. Mbali iliyonse inali ndi mabowo 15 a nkhafi, ndiye kuti opalasa anali 30. Kutsogolo kwake anasemako nyama zopotanapotana, ndipo nsonga yake inapindika ngati njoka yodzikulunga. Pakati pa ngalawayo panali kanyumba ka mitengo. M'kanyumbamo munagona akazi awiri, wina nkhalamba ya zaka zopitirira 70, wina wa zaka ca m'ma 50.

Mwamva? Akazi. Manda olemera kwambiri a nthawi ya a Viking sanali a mwamuna wankhondo.

Katundu amene anawapatsa ndi wa mudzi wathunthu. Munali ngolo ya mawilo anayi, mabedi, mabokosi, ndowa, miphika yacitsulo, mipeni ya kukhicini, zipangizo zoombera nsalu, ndi nsalu zimene. Anaphanso akavalo 15, agalu ndi ng'ombe, n'kuziika momwemo. Mundowa ina munali zipatso.

Miyala imene anaunjika pamwamba inali itaphwanya ngalawayo m'zidutswa zambirimbiri. Akatswiri analemba nambala pa cidutswa ciliconse asanacinyamule. Kulumikiza ngalawayo ndi katundu wake kunatenga zaka 21. Lero ili ku Oslo, ndipo matabwa ake ambiri ndi omwe aja a kale.

Funso n'lakuti: thabwa lingakhale bwanji pansi zaka zoposa 1,000 osaola? Ife nsanamira ya nkhokwe ikatha zaka zitatu timayamba kuigogoda kuti timve ngati ciswe calowa. Yankho lili m'dothi. Pansi pa ngalawayo panali dongo lonyowa. Pamwamba anasanjapo zibuma za dothi la udzu, zothinana kwambiri. Mpweya sunkalowa. Tizilombo toolesa mtengo timafuna mpweya, ndiye popanda mpweya mtengo umangogona. Onjezanipo kuzizira kwa dzikolo, komanso kuti kulibe ciswe.

Cinthu cimodzi sicinapezeke: golide ndi siliva. Patapita zaka zoposa 100 cikwiririre, anthu ena anaboola citundaco, n'kulowa m'kanyumba kaja, n'kumwaza mafupa a akaziwo. Anasiya mafosholo awo amtengo momwemo. Zimene anatenga zinapita basi.

Ngalawa ina sinacite mwayi wotere. M'caka ca 2018, pamalo ena a ku Norway komweko, dzina lake Gjellestad, makina oona pansi pa nthaka anaonetsa cithunzi ca ngalawa m'munda. Koma citunda cake alimi anali atacisalaza kalekale, ndipo ngalande imene inakumbidwa pafupi inaumitsa dothi. Mpweya unalowa. Pofukula mu 2020 anapeza kuti mtengo wambiri unasanduka dothi. Kunatsala misomali ndi mbali ya msana wa ngalawayo. Komabe anadziwa maonekedwe ake, cifukwa msomali uliwonse anaupeza pamalo pake. Mfundo imeneyi muisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Pamene ng'ombe inagona

Tiyeni tibwerere kwathu. Mukacoka pa mlatho wa Tete n'kumakwera ndi Zambezi, mudutsa Cahora Bassa, mudutsa Zumbo, n'kulowa pamene mtsinjewu umalekanitsa Zambia ndi Zimbabwe. Musanafike pa damu la Kariba, kutsidya la Zambia, pali kamtsinje dzina lake Lusitu. Pafupi ndi pamene kamathira mu Zambezi pali kacitunda kamene Atonga amati Ingombe Ilede, kutanthauza kuti ng'ombe yagona. Dzinali linabwera cifukwa ca mlambe umene unagwa n'kumaoneka ngati ng'ombe yogona.

Damu la Kariba litamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, madzi anamiza midzi, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa. Ena anawapititsa ku Lusitu, dera louma. Boma linafuna kuwaikira thanki la madzi pamwamba pa kacitunda kaja. M'caka ca 1960, anchito akukumba maziko a thankilo, anakumana ndi mafupa a anthu, ndipo pamafupapo panali mikanda yagolide.

Nchito inaima. Kunabwera katswiri wa boma, J. H. Chaplin, ndipo pambuyo pake Brian Fagan anapitiriza mu 1961 ndi 1962. Pakati pa citundaco anapeza manda 11, ndipo ena mwa iwo anali a anthu olemera zedi.

Taganizani munthu atagona conco. M'khosi muli mikanda yagolide. M'ciuno muli mizere ya mikanda yagalasi yocokera kutsidya kwa nyanja ya India. M'mikono ndi m'miyendo mwadzaza zibangili za waya wa mkuwa. Ena anali ndi mphande, cigoba coyera ca kunyanja cija agogo athu ankati n'ca mafumu. Kumutu kapena kumapazi anaikako mkuwa wosungunula, woumbidwa ngati cilembo ca X, wolemera makilo angapo. Mkuwa wotere unali cuma cogulira zinthu, ndipo unkacokera kumigodi ya kumpoto, cigawo cimene lero ndi Copperbelt ndi Katanga. Munalinso makasu, mabelu acitsulo amene kumayiko a kumpoto anali cizindikiro ca ufumu, ndi zida za mmisiri zokokera waya.

Cimene cimandikhudza ine kwambiri si golideyo. Ndi nsalu. Nsalu kuno kwathu ikakwiririka siyitha mvula zingati. Koma pa Ingombe Ilede tizidutswa ta nsalu ya thonje ndi ta nsalu ya khungwa la mtengo tinapulumuka. Cinatipulumutsa ndi mkuwa. Mkuwa ukacita dzimbiri lake lobiriwira lija, umapha tizilombo toolesa. Ndiye pamene nsalu inakhudzana ndi cibangili, pomwepo inatsala. Poiyang'ana bwino, akatswiri anaona kuti ina ndi ya ulusi wosalala, yooneka kuti inacokera kunja, ndipo ina ndi yokhuthala, yoombedwa konkuno. Anapezanso timapale tozungulira tobowola pakati, topotera thonje. Ndiye kuti anthu a m'cigwa ca Zambezi ankalima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zawozawo. Amene amati makolo athu nsalu anaiona koyamba m'sitolo ya mwenye, ayambe aganizanso.

Kumbali kwa citunda comweco anapeza manda ena oposa 30. Amenewa analibe cuma. Ena anali ndi timikanda towerengeka, ena analibe kanthu. Mudzi umodzi, manda awiri osiyana. Kulemera ndi kusauka sizinayambe lero, ndipo nthaka sinabise zimenezo.

Anthu olemerawa anaikidwa zaka pafupifupi 500 zapitazo. Imeneyo ndi nthawi imene Apwitikizi ankayamba kumene kukwera Zambezi, pakuti ku Sena ndi ku Tete anakhazikika m'zaka za m'ma 1530. Malonda anawapeza akuyenda kale. Aswahili ndi anthu a konkuno ndi amene ankawayendetsa: mikanda ndi nsalu zinkakwera, golide, mkuwa ndi minyanga zinkatsika.

Nanga mabwato ali kuti?

Mkanda wagalasi sungayende wokha kucokera ku India mpaka ku Lusitu. Unawoloka nyanja pa combo ca thanga. Unakwera Zambezi pa bwato, limene anzathu a kumunsi amati mwadiya. Pa mathithi a Cahora Bassa bwato silinkadutsa, ndiye katundu ankayenda pamutu. Anthu opalasa ndi onyamulawo anali ambiri, koma bwato lawo ngakhale limodzi silili m'manda a Ingombe Ilede.

Zifukwa zake n'ziwiri. Coyamba, mwambo unali wina. A Viking ngalawa ndiyo inali ulemu wa munthu wamkulu. Kuno ulemu unali mphande, mkuwa ndi belu. Caciwiri, dziko lathu n'lotentha ndipo ciswe sicigona. Bwato likatha nchito limaolera pagombe.

Izi zisatipangitse kuganiza kuti Afirika analibe amisiri a mabwato. Mu 1987, pamudzi wa Dufuna ku Nigeria, mbusa wina wa ng'ombe ankakumba citsime. Atafika mamita 5 pansi, anagunda mtengo wolimba. Linali bwato losema la mamita 8, logona m'dothi lonyowa lopanda mpweya, monga ku Oseberg kuja. Atalipima anapeza kuti lili ndi zaka pafupifupi 8,000. Ngalawa ya ku Oseberg ndi khanda poyerekeza ndi limeneli.

Palinso cina cimene cimalumikiza a Viking ndi gombe lathu. M'nthaka ya ku Sweden mwapezeka ndalama zasiliva zambirimbiri zolembedwa m'Ciarabu. Pa nthawi yomweyo, pa doko la Chibuene pafupi ndi Vilankulo, anthu ankalandira mikanda yagalasi yocokera kumayiko omwewo a Aluya ndi Aperezi. Wa ku Oseberg ndi wa ku Chibuene sankadziwana, koma ankagula kumsika umodzi.

Amadziwa bwanji zaka?

Ophunzira anga amakonda kufunsa funso limeneli, ndipo amafunsa bwino. M'manda mulibe kalendala.

Ku Norway amawerenga mizere ya mtengo. Mukadula mtengo, pa citsa mumaona mizere yozungulira. Kudziko lozizira mtengo umakula m'cilimwe n'kuima m'nyengo yacisanu, ndiye caka ciliconse cimasiya mzere umodzi. Caka cabwino mzere umakhala waukulu, caka coipa umakhala wocepa. Poyerekeza mizereyo ndi ya mitengo ina yodziwika zaka, anapeza kuti mitengo ya kanyumba ka ku Oseberg inadulidwa m'caka ca 834.

Kuno amagwiritsa nchito makala a pamoto, mafupa, mbewu zopserera kapena ulusi. Camoyo ciliconse cimakhala ndi kanthu kena kosaoneka ndi maso, dzina lake carbon 14. Cikafa, kanthuko kamayamba kucepa pang'onopang'ono, ndipo pakatha zaka 5,730 kamatsala theka. Makina amayeza kamene katsala, n'kunena kuti camoyoco cinafa liti. Sanena caka ceniceni, amanena kuti pakati pa caka cakuti ndi cakuti. (Malasha a m'migodi ya Moatize sangayezedwe motere. Ndi akale mopitirira, a zaka mamiliyoni ambiri, ndipo kanthu kaja kanatheramo kalekale.)

Koma tamverani apa. Khala limanena zaka za mkanda pokhapokha ngati linapezeka pamodzi ndi mkandawo, m'dothi limodzi losasokonezedwa. Dothi limasanjikana: la pansi ndi lakale, la pamwamba ndi latsopano. Munthu akazula mphika n'kupita nawo kunyumba, mphikawo ulipo ndithu, koma sungathenso kunena kuti unali wa yani, wa liti, unali pafupi ndi ciyani. Inu amene mwaphunzira kuwerenga mukudziwa kuti zilembo zimapanga mawu zikakhala pamalo pake. Tengani M, U, D, Z ndi I, muziponye m'thumba n'kukhuchumula. Zilembo zonse zilipo, koma mudzi palibe.

Za m'cigawo cathu ca Tete

Musaganize kuti zonsezi zili ku Zambia ndi ku Ulaya kokha. Mu 1907, Mjeremani wina wamalonda, Carl Wiese, anakumba m'phanga la Chifumbaze, kumpoto kwa cigawo ca Tete kufupi ndi malire a Zambia. Anapezamo mapale a miphika yakale. Lero akatswiri akamanena za alimi oyamba amene anafalitsa ulimi ndi kusula citsulo kum'mawa ndi kumwera kwa Afirika, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, amagwiritsa nchito dzina la Chifumbaze. Dzina la phiri la kwathu lili m'mabuku a m'mayunivesite a kutali, pamene ambiri a ife sitinalimvepo.

Ku Songo kuli malo omangidwa ndi miyala, a mtundu wa zomanga za ku Zimbabwe wakale. Mayi Solange Macamo, a pa Universidade Eduardo Mondlane, anafufuza malo amenewa pamodzi ndi a Degue-Mufa, kufupi ndi mzinda wa Tete.

Kutsidya kwa malire, ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kunali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi. Katswiri wa ku Malawi, Yusuf Juwayeyi, anafukula kumeneko. Anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China, zinthu zamkuwa, ndi zidutswa zambiri za minyanga ya njovu zimene amisiri ankasema. Pakati pa Tete ndi dziko la Kalonga pali ife. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anacoka ku Tete wapansi, anawoloka Zambezi, anadutsa m'dziko la Amaravi mpaka kukafika ku Kilwa, kugombe la Tanzania. Ananyamula nsalu ndi mikanda zopatsa mafumu m'njira. Njira anaipeza ilipo, ndipo anthu omulondolera anali a konkuno. Conco mukamalima m'munsi mwa phiri la Zóbuè n'kutola kamkanda kabuluu kapena phale la zilembo zacilendo, musadabwe kwambiri.

Kodi kufukula manda si ufiti?

Funso limeneli tisalizembe. Kwathu munthu wopezeka akukumba manda usiku timadziwa dzina lake. Kumanda sitidulako mtengo, sitipitako popanda cifukwa, ndipo mfumu ndiyo imapereka cilolezo. Ndiye wina akamva kuti anthu ophunzira anatulutsa mafupa a eni n'kukawaika m'kabati, mtima umamuwawa. Ine sindimuona wolakwa.

Ngakhale ku Norway nkhaniyi inawavuta. Mafupa a akazi a ku Oseberg anawabwezera m'citunda mu 1948, cifukwa anthu ankati agone kwawo. Mu 2007 anawatulutsanso, poopa kuti cinyezi ciwaononga komanso pofuna kuwayeza ndi makina atsopano. Mpaka lero anthu samvana cimodzi pa zotere.

Maganizo anga ndi awa. Manda amene ali ndi eni, amene mfumu ndi mbumba akuwadziwa, asakhudzidwe ndi munthu wongofuna kudziwa zinthu, ngakhale akhale ndi madigiri angati. Koma manda a Ingombe Ilede sanafukulidwe cifukwa ca cidwi. Fosholo inali itawagunda kale, ndipo thanki linali kubwera. Panali njira ziwiri basi: kuwatulutsa mwaulemu, masana, n'kulemba zonse, kapena kuwasiya kuti aphwanyidwe ndipo golide alowe m'matumba a anthu. Kusiyana kwa katswiri ndi wakuba kuli pomwepo. Katswiri amapempha, amagwira nchito anthu akuona, amalemba, ndipo zimene wapeza zimakhala za dziko. Wakuba amabwera usiku n'kusiya dzenje.

Ife a ku Moatize nkhani ya nthaka yotembenuzidwa si yongomva. Mu 2009 ndi 2010, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa ku Chipanga, Bagamoyo, Mithete ndi Malabwe kupita ku Cateme ndi ku bairro la 25 de Setembro, kuti mgodi wa malasha utsegulidwe. Amene munasamuka mukudziwa kuposa ine kuti funso la agogo limakhala lakuti: nanga manda athu? Amenewo ndi manda odziwika, okhala ndi owalankhulira. Koma pansi pa minda yathu palinso midzi ndi manda a zaka 500 kapena 1,000, amene mbumba yawo inabalalika kalekale. Amenewo alibe wowalankhulira. Makina okumba akafika, amatha tsiku limodzi, ndipo woyendetsa makinawo mwina saona n'komwe.

Lamulo likuti ciyani, ndipo inu mucite ciyani

Pamene mlimi wa ku Oseberg ankapeza ngalawa ija, Norway inalibe lamulo loteteza zotere. Akanafuna akanaigulitsa kunja. Anthu anacita mantha, ndipo mu 1905 dzikolo linakhazikitsa lamulo.

Mozambique ili nalo lake. Ndi Lei 10/88, ya pa 22 Disembala 1988, yoteteza cuma ca cikhalidwe. Mu 1994 panabweranso Decreto 27/94, yonena za zinthu zakale za m'nthaka. Malamulowa akuti zinthu zakale zopezeka pansi ndi za dziko, si za mwini munda. Akuti palibe wololedwa kufukula malo akale popanda cilolezo ca boma. Akuti munthu akapeza zotere mwangozi, auze akuluakulu a dera pasanathe maola 48, ndiye kuti masiku awiri. Akutinso nchito zikuluzikulu zokumba nthaka, monga migodi, misewu ndi madamu, ziyambe zafufuza ngati pamalopo pali zakale, ndipo zipatule ndalama za nchito imeneyo: pa meticais 200 alionse, metical imodzi. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kuidziwa pa misonkhano ija amaitanitsa kampani isanayambe kukumba. Munthu ali ndi ufulu woimirira n'kufunsa kuti: kodi ofufuza zakale anabwera, ndipo anapeza ciyani?

Tsono tinene kuti ndinu amene mwapeza. Mukukumba cimbudzi, citsime, dothi la njerwa kapena dzenje la makala, ndipo khasu latulutsa mafupa, mphika wathunthu, mikanda, kapena citsulo cacilendo. Lekani kukumba pomwepo. Musazule, musatsuke, musapale ndi mpeni kuti muone ngati ndi golide. Dzimbiri lobiriwira lija mungalicotse ndi limene lingakhale litasunga kansalu. Ngati muli ndi foni, jambulani zinthuzo zili pamalo pake, mutaika mpini wa khasu pambali kuti kukula kwake kuoneke.

Pa zitsulo samalani kawiri. Nkhondo inatha mu 1992, koma madera a m'malire ngati Zóbuè anaona zambiri, ndipo si citsulo ciliconse ca pansi cimene cili ca makolo. Cooneka ngati cipolopolo kapena bomba musacikhudze n'komwe, thamangirani kupolisi. Mafupa a munthu nawonso apolisi ayenera kuwadziwa, cifukwa mwina si akale.

Padzabwera anthu okunong'onezani kuti pansi pa mlambe wakuti pali cuma ca Apwitikizi, kapena ofuna kugula mikandayo ndi ndalama ya sopo. Wogulayo akakagulitsa kunja adzapeza zambiri, inu mudzatsala ndi dzenje ndi mlandu. Ndipo kunena zoona, zopezeka zambiri si golide. Ndi mapale, makala, mafupa a mbuzi ndi zotsalira za ng'anjo yosungunulira citsulo. Kumsika zilibe mtengo. Kwa wodziwa kuziwerenga zimanena zimene anthu ankadya, kumene anacokera ndi amene ankagulana nawo malonda.

Kauzeni amfumu kapena a secretário a bairro tsiku lomwelo. Iwo apite nanu ku Posto Administrativo, kapena ku ofesi ya distrito yoona za maphunziro ndi cikhalidwe ku Moatize. Pemphani kuti alembe m'buku tsiku, malo ndi dzina lanu, ndipo popeza tsopano mumatha kuwerenga, werengani zimene alembazo musanasaine. Pobwerera, phimbani pamalopo ndi dothi lofewa pang'ono, ikaniponso minga kuti mbuzi ndi ana asapondepo. Akatswiri ofukula zakale m'dziko muno ndi ocepa, ndipo ambiri ali ku Maputo, conco akhoza kucedwa. Pakatha milungu iwiri osamva kanthu, pitaninso mukafunse.